Soya wobiriwira m'kati: kupewa, kuumitsa ndi kusankha ng'amba ikadutsa m'munda

Ikafika Epulo ndi Meyi, pa Chimbiya, pa Lizulu ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 pamamveka mkangano womwewomwewu. Wogula amapisa dzanja m'thumba, kutapa njere, kuswa ziwiri zitatu ndi mano, kenako: "Amayi, soya uyu ndi wosakhwima, mtengo wake si womwe uja ayi." Mwini soya amakana, akuti makoko anali ouma gwa ndipo masamba anauma onse asanadule. Palibe akunama. Soya amatha kuuma asanakhwime, ndipo umboni wake ndi njere zotsala zobiriwira, kunja kokha kapena mpaka m'kati.

Njere ya soya ikamakula imakhala ndi chlorophyll, yemwe uja amabiriwiritsa masamba. M'masiku omaliza a kukhwima njere imaphwanya yokha chlorophyll ameneyu n'kusanduka yachikasu, koma ntchitoyi imayenda pokhapokha njereyo ikadali ndi madzi ndipo ikuuma pang'onopang'ono. Dzuwa likaswa mtengo nthaka ili youma, mbewu imafa mwadzidzidzi, njere imauma mofulumira, ma enzyme ogwira ntchitoyo amaima, ndipo kubiriwira kumatsekeredwa momwemo. Amene analimapo fodya wa burley akudziwa kale zimenezi: tsamba likauma msanga m'chigafa limatsala lobiriwira, ndipo silidzafiiranso ngakhale mulisunge mpaka liti.

Ogula sachita kukokomeza. Chlorophyll amalowa m'mafuta poyenga, mafutawo amatuluka obiriwira, amafuna ndalama zambiri kuti ayere, ndipo amawonongeka msanga akakhala powala. Kwa inu mlimi vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi mbewu, chifukwa njere zobiriwira zimamera mofooka kapena osamera n'komwe.

Zofunika kukhala nazo

- Mbewu ya mtundu wogwirizana ndi dera lanu, pafupifupi makilogalamu 30 pa ekala, kuonjezerapo pang'ono ngati njere zake ndi zikuluzikulu
- Inoculant wa soya (tizilombo tothandiza topaka ku mbewu pobzala) yemwe sanathe mphamvu
- Khasu ndi chingwe chobzalira
- Mapesi kapena udzu wophimbira
- Zenga kapena chikwanje chakuthwa
- Lona kapena mphasa, ndi malo a mthunzi odutsa mphepo: khonde, chigafa kapena thandala lofolera
- Lichero, sefa ya waya ndi thabwa losalala
- Lezala kapena kampeni, ndi mbale yoyera
- Botolo lagalasi louma ndi mchere wouma
- Beseni la mchenga wa kumtsinje
- Matumba oyera ndi mitengo yosanjapo
- Kope lolembamo tsiku lobzala ndi masiku a mvula

Musanabzale

1. Sankhani mtundu poyang'ana tsiku lomwe mvula imathera kwanu.

Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo Bembeke, Lobi, Linthipe ndi Tsangano ku Ntcheu ndi madera ozizira. Mukatsika Khwekhwelere kufika Golomoti ndi Mtakataka, kapena kulowa chigwa cha Bwanje cha ku Sharpevale ndi Bilira, mwafika dziko lina: kumatentha, ndipo nthaka imauma msanga mvula ikadula. Kumunsiku n'komwe vuto la soya wobiriwira limakonda. Kumeneko bzalani mtundu wocha msanga monga Tikolore, yemwe anatulutsidwa mu 2011, kuti njere zidzaze mvula isanathe. Mitundu yotenga nthawi yotalikirapo monga Makwacha ndi yoyenera kumtunda komwe chinyontho chimakhalitsa. Palinso Nasoko ndi SC Serenade. Funsani alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya kwanu (EPA) masiku omwe mtundu uliwonse umatenga kuti ukhwime m'dera lanulo, chifukwa mtundu umodzimodziwo umachedwa kozizira n'kufulumira kotentha.

Chenjezo: mbewu yogula pa msika m'chidebe nthawi zambiri imakhala yosakanikirana. Mitengo ina imakhwima lero, ina pakatha masabata awiri, ndiye mukadula zonse tsiku limodzi mumakolola zobiriwira ngakhale mvula itagwa bwino.

2. Bzalani ndi mvula yoyamba yokhazikika, pamodzi ndi chimanga.

Apa mpamene ambiri timagwera. Chizolowezi chathu n'chakuti chimanga choyamba, fodya kapena mbatatesi pambuyo, soya akabwere manja akapeza mpata, mwina Januwale ali pakati. Soya wobzalidwa mu Disembala amadzaza njere mu Febuluwale ndi Marichi nthaka ikadali yonyowa. Wobzalidwa mochedwa amafika pa nthawi yodzaza njere mvula ikutsanzika, ndipo ndi ameneyo amaferatu ali chiimire. Kumtunda kuli msampha wina: soya wochedwa kwambiri amakumana ndi chisanu, ndipo chisanu chikapha mbewu njere zisanakhwime zotsatira zake n'zomwezo.

Nthambi yoona za nyengo imatulutsa ulosi wa mvula dzinja lisanayambe. Ikachenjeza za El Niño, musazengereze. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa kuti Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, alengeze mu Marichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo ng'ambayo inagwa mu Febuluwale, mwezi womwe soya wambiri amakhala akuchita maluwa ndi kuyamba makoko. Chaka chotere tsiku lililonse lomwe mwachedwa kubzala mumadzalilipira pa sikelo.

Chenjezo: musabzale pouma mbewu yomwe mwapaka inoculant. Tizilombo tothandiza ta mu inoculant timafa m'nthaka yotentha ndi youma. Pakani pamthunzi, bzalani tsiku lomwelo, nthaka ili yonyowa.

3. Konzani munda woti usunge madzi.

Mizere italikirane masentimita 75. Pa mzere uliwonse dulani tingalande tiwiri totalikirana masentimita 25 mpaka 30, ndipo gwetsani njere imodzi pa masentimita 5 aliwonse. Kubzala kotere kumathandiza kuti masamba atseke nthaka msanga, dzuwa lisamaiwotche. Ikani ngonyeka m'makwawa kuti madzi a mvula alowe pansi m'malo mothamangira kudambo. Ngati muli ndi manyowa owolerana, thirani pokonza munda. Ngati mumalima mtayakhasu, phimbirani ndi mapesi, koma yang'anirani chiswe.

Chinthu china chomwe ndimalimbikitsa: sankhiranitu kachigawo ka munda komwe chinyontho chimakhalitsa, koma posadikha madzi, kakhale ka mbewu ya chaka chamawa. Ng'amba ikadzabwera simungapulumutse ekala yonse, koma mizere khumi mungathe.

Soya ali m'munda

4. Dziwani nthawi yoopsa poswa makoko.

Soya amapirira ng'amba akadali wamng'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Amafota masana, usiku n'kudzukanso. Nthawi yomwe sakhululuka ndi kuyambira pamene njere zayamba kuoneka m'makoko mpaka pamene makoko ayamba kusintha mtundu. Alangizi amaitchula ndi manambala. R5 ndi pamene mukatsegula khoko la kumtunda kwa mtengo mumapeza tinjere tating'ono ta mamilimita atatu. R6 ndi pamene njere yobiriwira yadzaza khoko lonse. R7 ndi pamene khoko limodzi pa tsinde lafika pa mtundu wa khoko lokhwima. R8 ndi pamene makoko 95 mwa 100 aliwonse auma.

Ng'amba ya pa R5 imachepetsa kukula kwa njere, mumakolola timanjere topepuka. Koma yobweretsa kubiriwira kwenikweni ndi ya pa R6 kulowa R7, makamaka ikabwera ndi kutentha kopyola madigiri 30 masiku otsatizana. Nthawi imeneyi munda umaoneka ngati watha ntchito, makoko ali tho, ndipo mlimi amati basi soya wacha. Sanache. Pa R7 njere imakhala ikadali ndi madzi pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo ndi madzi omwewo amene amathandiza kuchotsa kubiriwira.

Yenderani munda kawiri pa sabata kuyambira makoko akayamba, ndipo muzilemba m'kope.

5. Siyanitsani kukhwima ndi kufa.

Soya wokhwima bwino amasintha pang'onopang'ono. Masamba amayamba chikasu kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kenako amayoyoka okha, tsinde n'kutsala ndi makoko okhaokha. Soya wophedwa ndi dzuwa amaumira masamba ali pamtengo, amakhwinyata, mtundu wake wotuwa mobiriwira, ndipo ukawagwira amafumbutuka. Kawirikawiri zimayambira pa malo a mchenga, pa chulu, pamwamba pa chitunda ndi m'mphepete mwa munda moyandikana ndi mitengo ya bulugamu. Zikani timitengo kuzungulira malo oterewa. Mudzatifuna pokolola.

6. Ng'amba ikagwa, thirirani pomwe mungathe, ndipo lekani kusokoneza nthaka.

Amene ali pafupi ndi mtsinje kapena chitsime, ndipo ali ndi pampu yopalasa kapena ya sola, athirire m'makwawa m'mawa kwambiri kapena madzulo mpaka madzi alowe kuya kwa chikhatho ndi kupitirira. Kuthirira kamodzi kokwanira kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Musalekeze pa R6 poganiza kuti njere zadzaza kale. Pitirizani mpaka makoko ayambe kusintha mtundu. Amene mukudalira ndowa, yambani ndi kachigawo ka mbewu kaja.

Chenjezo: musathire madzi pamasamba. Masamba akakhala onyowa maola ambiri mumaitana chiwawu. Komanso musapalire ndi khasu kapena kubandira pa nthawi ya ng'amba, chifukwa mumadula mizu ya pamwamba ndi kutsegula nthaka kuti iume msanga. Udzu waukulu zulani ndi manja n'kuugoneka m'makwawa momwemo.

7. Tetezani masamba ku chiwawu ndi makoko ku nunkhadala.

Si dzuwa lokha lomwe limapha soya nthawi isanakwane. Chiwawu, chomwe chinasakaza soya m'madera ambiri a dziko lino mu nyengo ya 2022/2023, chimayoyola masamba njere zisanadzaze, ndipo mathero ake ndi njere zing'onozing'ono, zina zobiriwira. Tembenuzani masamba a m'munsi kuyambira nthawi ya maluwa. Mukaona timadontho totuwa kapena tofiirira kunsi kwa tsamba, totukuka pang'ono ndi totulutsa fumbi, pitani kwa alangizi tsiku lomwelo. Mankhwala okhala ndi tebuconazole kapena azoxystrobin amathandiza akapoperedwa matenda akungoyamba. Masamba akayoyoka kale, mukungotaya ndalama.

Nunkhadala zimaboola makoko n'kuyamwa njere. Munda womwe zavuta umakhwima mosiyanasiyana, mitengo ina imakana kuuma, imakhalabe yobiriwira anzake atauma.

Kukolola ndi kuumitsa

8. Yesani njere musanadule.

Thyolani makoko m'malo asanu osiyana a munda, ena a pamwamba pa mtengo, ena a pakati, ena a pansi. Chitani chimodzimodzi padera m'malo aja munazika timitengo. Swani makoko, dinani njere ndi chikhadabo, kenako iduleni pakati ndi lezala.

Njere ikakhala yolimba ndipo m'kati ndi yachikasu, soya wacha, dulani.

Ikakhala yofewa, chikhadabo chikulowa, ndipo ikadali yobiriwira, mwayi ulipo. Mtengo ukakhala kuti udakali moyo, usiyeni m'munda. Palibe choumitsira chomwe chimaposa mtengo wake womwe.

Ikakhala yolimba gwa koma m'kati ndi yobiriwira, zatha. Kudikira sikusintha kanthu, kungochititsa kuti makoko athetheke njere zitayikire pansi. Dulani, koma muike padera.

9. Dulani chigawo ndi chigawo.

Yambani ndi malo omwe akhwima bwino, m'mawa mame asanaume kuti makoko asathetheke. Dulani ndi zenga m'munsi mwa tsinde m'malo mozula. Mizu ikatsala m'nthaka imasiya chonde, ndipo simutenga dothi lodetsa njere. Soya wa malo opsa ndi dzuwa akhale ndi mulu wake, lona yake, matumba ake. Ntchito yosankha yomwe ingakutengereni masiku pa lichero imachepa kwambiri mukasiyanitsa m'munda momwemo. Aganyu auzeni zimenezi poyamba, apo ayi adzaunjika pamodzi kuti amalize msanga.

Chenjezo lalikulu: musapopere mankhwala opha udzu pofuna kuumitsa soya msanga. Mukapha mtengo njere zisanafike pa R7 mukuchita ndi manja anu zomwe ng'amba imachita. Glyphosate amawononganso kameredwe ka njere, choncho pa munda wa mbewu asayandikire n'komwe.

10. Wofewa ndi wobiriwira, muumitseni pamthunzi ali m'makoko.

Sitepe iyi ndi yomwe imapulumutsa kapena kuwononga zokolola za chaka cha ng'amba. Nthawi zina mumakakamizika kudula njere zisanaume: mitengo yafa, chiswe chalowa, mbuzi zamasulidwa, kapena akuba ayamba kuyendera munda. Zikatero mtima umafuna kuyanika padzuwa lamphamvu kuti ziume mawa lomwe. Mukatero mwatsekera kubiriwira kosatha.

Musapunthe. Tengani mitengo yonse ndi makoko ake, yalani pa thandala, pakhonde kapena m'chigafa, mopyapyala, osapyola kutalika kwa chigongono. Ena amamanga timitolo n'kupachika mitu pansi, ndipo imeneyi ndi njira yabwino ngati malo alipo. Chofunika ndi mthunzi ndi mphepo. Tembenuzani tsiku lililonse. Pisani dzanja pakati pa mulu: mukamva kufunda kapena fungo la chuku, mulu wakula, umwazeni pomwepo. Tsiku lachitatu lililonse swani makoko angapo muone. Njere zomwe zinali pafupi kukhwima zimasintha mtundu m'kati mwa sabata imodzi kapena ziwiri. Zikasanduka zachikasu, pamenepo mutha kutulutsa padzuwa kuti zimalize kuuma.

Kumtunda kwa Dedza mphepo ya mu Epulo ndi Meyi ndi yozizira, ndipo njirayi imayenda bwino, kungosamala chifunga ndi mvula yowaza yomwe imanyowetsa zapakhonde. Kuchigwa vuto ndi losiyana: ngakhale pamthunzi pa denga la malata pamatentha, choncho sankhani pansi pa denga la udzu kapena pansi pa mtengo wa masamba ambiri.

Ndisakunamizeni, njere yomwe inafa isanadzaze siingakhale yonenepa chifukwa cha mthunzi. Mthunzi umathandiza mtundu, kulemera sikubwerera.

Chenjezo: musayanike soya pa malata, pa pulasitiki wakuda kapena pa phula m'mbali mwa msewu. Malo amenewa amatentha kupyola madigiri 40, ndipo kutentha kotero kumapha mphamvu ya kumera ngakhale kwa njere zabwinobwino.

11. Punthani mofatsa, kenako umitsani njere.

Punthani makoko akamasweka mosavuta, pa lona, ndi ndodo yopepuka. Njere ya soya ndi yosachedwa kuvulala, ndipo yosweka khungu siimera bwino. Soya wa mbewu mupunthe padera, mofatsa kuposa wogulitsa. Petani, yalani njere mopyapyala, muzivundula pafupipafupi, ndipo dzuwa likafika paliwombo phimbani kapena kokerani pamthunzi.

Soya wogulitsa afike pa chinyontho cha 12 kapena 13 pa 100, wa mbewu atsikeko pang'ono. Ngati gulu lanu kapena nyumba yosungira mbewu ili ndi kachipangizo koyezera chinyontho, gwiritsani ntchito kameneko. Popanda iko, lumani njere: youma imasweka ndi kaphokoso, yosauma imaphwatalala. Mutha kuikanso njere zodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi supuni ya mchere, kutseka, kukhutchumula, n'kudikira kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, bwezerani pa lona.

Kusankha

12. Chotsani zobiriwira ndi sefa, thabwa ndi manja.

Njere zobiriwira zambiri zimakhala zing'onozing'ono, zophwatalala kapena zokhwinyata, ndipo izi zimakupeputsirani ntchito. Yambani ndi sefa ya mabowo oti njere yonenepa isadutse. Zodutsa ikani padera. Kenako pendeketsani thabwa losalala pang'ono, n'kumathira njere pang'onopang'ono kumtunda kwake. Zoburungira zimagubuduka mpaka pansi, zophwatalala zimatsalira panjira. Zotsala malizani ndi manja pa lichero, panja pamthunzi powala bwino. M'nyumba kapena madzulo maso amanama, yobiriwira pang'ono imaoneka yachikasu.

13. Werengani pa njere 100.

Tapani pamwamba, pakati ndi pansi pa matumba angapo, sakanizani, werengani njere 100 osasankha. Dulani iliyonse pakati n'kuyala pa mbale yoyera. Pangani magulu atatu: zachikasu kunja ndi m'kati, zobiriwira khungu lokha koma m'kati zachikasu, ndi zobiriwira mpaka m'kati.

Gulu lachiwiri lisakudetseni nkhawa kwambiri. Kubiriwira kwa pakhungu kumazilala soya akakhala masabata angapo pamalo ouma odutsa mphepo. Gulu lachitatu ndi lomwe ogula amadana nalo, ndipo silisintha kwenikweni. Mukapita kumsika mukudziwa kale nambala yanu, mumakambirana mtengo ndi umboni. Wogula akaswa njere imodzi yobiriwira n'kufuna kugwetsa mtengo wa thumba lonse, muuzeni kuti muwerengere limodzi 100. Ngati mukugulitsa kudzera ku kalabu, ku kopaletivi kapena kwa kampani yomwe munasainirana nayo, funsiranitu mlingo wa njere zobiriwira womwe amalola, chifukwa ogula amasiyana.

14. Mbewu iyesedwe kawiri.

Ku Brazil, komwe vutoli ndi lalikulu m'madera otentha, bungwe la kafukufuku wa zaulimi la Embrapa lakhala likuchenjeza kuti njere zobiriwira zikachuluka m'mbewu, kameredwe ndi mphamvu zimatsika. Ndiye mbewu itengeni ku chigawo chomwe chinakhwima bwino chokha, ndipo musankhe ndi manja.

Bzalani njere 100 m'beseni la mchenga wonyowa, kuya masentimita atatu, pamalo ofunda koma osati padzuwa. Werengani pa tsiku la 8, kozizira onjezerani masiku awiri kapena atatu. Muwerenge mbande zamphamvu zokha, zopindika ndi zofooka musaziwerengere. Zikafika 80, mbewu ndi yabwino. Zikakhala m'ma 70, mudzaonjezere mbewu pobzala. Zikatsika kuposa apo, gulitsani kapena idyani, mukagule ina.

Yesani mukangokolola, ndipo mudzayesenso mu Novembala. Kuyesa kwachiwiriku n'kofunika kwambiri. Soya amataya mphamvu msanga m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo njere zomwe zinavutika ndi ng'amba zimatsogola kufa. Mbewu yomwe inamera bwino mu Meyi ikhoza kukukhumudwitsani mu Disembala.

15. Sungani, ndipo wobiriwirayo mumupezere ntchito.

Sanjani matumba pa mitengo, atalikirane ndi khoma, m'chipinda chozizira. Lembani pa thumba lililonse kuti ndi wa mbewu, wogulitsa kapena wosankhidwa. Matumba a wobiriwira muziwayendera pafupipafupi, chifukwa njere zosakhwima zimasunga chinyontho kuposa zinzake ndipo ndi zomwe zimayambitsa chuku.

Soya wobiriwira yemwe alibe chuku si poizoni. Mutha kumukazinga n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga kukhala chakudya cha nkhumba ndi nkhuku. Chachikulu ndi kukazinga kapena kuwiritsa mokwanira, popeza soya wosaphika, wobiriwira kapena wachikasu, ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Ufa wa phala la ana upangidwe ndi njere zachikasu zosankhidwa. Wachuku, wonunkha kapena wakuda, musapatse munthu kapena chiweto.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kuona masamba atauma n'kuganiza kuti soya wakhwima. Tsamba silinena za njere. Swani khoko.

Kudula msanga chifukwa mavenda afika ndi masikelo ndipo pakhomo pakufunika ndalama. Vutoli ndi lenileni, sukulu ndi ngongole ya feteleza sizidikira. Koma ngati simungachitire mwina, dulani chigawo chokhacho chomwe chacha, mugulitse chimenecho, chinacho chipitirize kukhwima.

Kusakaniza wobiriwira ndi wabwino kuti matumba achuluke. Wogula amatapa pakati ndi pansi, ndipo akapeza zobiriwira amadula mtengo wa matumba onse, osati thumba limodzi.

Kuunjika soya wosauma mulu waukulu n'kuphimba ndi lona poganiza kuti ndiye kuumitsa pamthunzi. Mulu wotero umatentha m'kati, njere zimachita chuku ndi kuda, ndipo mwataya zambiri kuposa mukanayanika padzuwa.

Kudikira kuti njere zouma kale zisinthe mtundu m'munda. Makoko amathetheka dzuwa likatentha, ndipo mvula yochedwa ikawanyowetsa njere zimakhwinyata ndi kuola.

Kuimba mlandu mtundu wa mbewu chaka chomwe munabzala mu Januwale. Yang'anani m'kope tsiku lobzala ndi tsiku lomwe mvula inadula musanasinthe mtundu.

Kusunga ngati mbewu zotsala pansi pa sefa, zabwino zonse zitapita kumsika. Mbewu ipatulidwe poyamba, thumba lake lisokedwe ndi kulembedwa sikelo isanafike pakhomo.